Vani, mbaula ndi msonkho wa 2024/25: momwe ntchito ikuyendera

12 Epulo 2025

Chaka cha msonkho cha kuno ku UK chatha pa 5 Epulo, ndiye ndayamba kusonkhanitsa mapepala a HMRC, bungwe la boma lotolera msonkho kuno. Bizinesi yanga ndi yophika pa zochitika: zinkhoswe, maukwati, maliro, misonkhano ya mipingo ndi chikondwerero cha pa 6 Julayi. Ndimaphikira ku Coventry, koma chakudya chimapita ku Birmingham, ku Leicester, nthawi zina mpaka ku Manchester. Ndinalembetsa ngati munthu wodzilemba yekha ntchito, osati kampani, ndipo zomwe ndizilemba muno zikukhudza anthu olembetsa motero. Makampani ali ndi malamulo awo.

Chaka chimenechi chasiyana ndi zam'mbuyomu chifukwa ndinagula katundu wambiri: vani ya kaunjika ya £9,500 mu Meyi 2024, ndi ziwiya za £2,600. Cholinga changa n'choti ndalama zimenezi zichotsedwe pa phindu moyenera, osanamiza boma komanso osataya chomwe lamulo landilola.

Pomwe ndafika lero ndi apa. Ndalama zonse zolowa ndi £38,000. Zogulira ufa, mpunga, nyama, masamba, gasi, malipiro a atsikana ondithandiza, foni ndi inshuwalansi ya bizinesi zakwana £17,000. Zatsala £21,000 ndisanaikepo vani ndi ziwiya. Madzulo a pa 5 Epulo tinawerenga zotsala mu galaja, matumba a ufa ndi mpunga, zigubu za mafuta ophikira, nyama ya mbuzi ya mu filiza, chilichonse pa mtengo womwe ndinagulira, ndipo zalowa kale m'mawerengero amenewa.

Pali chinthu chomwe amayi anzanga ambiri ku mpingo amachimva mosiyana, ndichinene pompano. Ukagula filiza ya £600, boma silikubwezera £600 ayi. Ndalamayo imangochotsedwa pa phindu lomwe amadulirapo msonkho. Kwa munthu wa phindu ngati langa, paundi iliyonse yopitirira £12,570 imadulidwa 20p ya msonkho (paundi imodzi ndi 100p) ndi 6p ya National Insurance, ndalama yosonkhera penshoni ndi thandizo lina la boma, choncho filiza ija imakupulumutsira £156 basi. Kugula chinthu chomwe ulibe nacho ntchito pofuna kuchepetsa msonkho ndi kuwononga 74p kuti upulumutse 26p.

26 Epulo 2025

Malisiti a ziwiya atheka. Filiza yaikulu £620, mbaula ziwiri za gasi £480, mabokosi osunga chakudya kuti chisazizire pamsewu £540, masefuliya ndi mbale zazitsulo zogawira £710, matebulo opinda £250.

Malisiti a m'sitolo zoodetsa amafufutika msanga. La mbaula ndinalipeza litayera, zilembo zikungooneka ukalipendeketsa pa zenera, koma tsiku ndi ndalama zake zikugwirizana ndi sitetimenti ya ku banki, ndiye ndazimata pamodzi. Onse ndawajambula ndi foni. Lamulo limafuna kuti mapepala asungidwe zaka zisanu kuchokera pa tsiku lomaliza lotumizira fomu ya msonkho, kutanthauza kuti a chaka chino akhala mpaka pa 31 Januwale 2031. Pepala lopyapyala lija silingafike kumeneko.

Mabokosi ndinagula pa Facebook kwa mayi wina yemwe ankatseka bizinesi yake. Panalibe lisiti, koma ndinalipira kudzera ku banki, ndipo mauthenga athu omvana mtengo ndinawasunga. Ndawalembera ndipo anditumizira kakalata kosonyeza zomwe anandigulitsa, tsiku ndi mtengo. Katundu wa kaunjika amaloledwa pa Annual Investment Allowance, yomwe imalola kuchotsa mtengo wonse wa zipangizo m'chaka chomwe wagula, mpaka £1 miliyoni. Chomwe sichiloledwa ndi katundu wopatsidwa mwaulere, katundu yemwe unali naye kale pakhomo usanamulowetse mu bizinesi, ndi wogula kwa wachibale wapafupi monga mwamuna wako, mchimwene kapena kholo. Izi zandikhudza pa masefuliya awiri aakulu omwe mayi anga anandibweretsera kuchokera ku Lilongwe atabwera kudzationa. Ndimaphikiramo nsima ya anthu ambiri, koma poti ndi mphatso, amayenda njira ina, pa mtengo womwe angagulidwe lero, pafupifupi £150. Ndawaika padera.

10 Meyi 2025

Nkhani yaikulu ndi vani, ndipo sabata ino yathera pomwepo.

Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi yowerenga mtunda: m'chaka cha 2024/25 inali 45p pa mailo iliyonse ya bizinesi mpaka mamailo 10,000, kupitirira apo 25p. Mu 45p imeneyi muli zonse, dizilo, inshuwalansi, matayala, kukonzetsa, ngakhale mtengo wogulira galimotoyo. Yachiwiri ndi yowerenga ndalama zenizeni zomwe galimoto yadya, kuphatikizapo mtengo wake, n'kuchotsapo gawo la maulendo a pakhomo. Chovuta n'chakuti pa galimoto imodzi sungamadumphedumphe. Ukayamba ndi 45p ukhala pomwepo mpaka galimotoyo ichoke m'manja mwako, ndipo ukachotsa mtengo wake pa phindu kamodzi kokha, khomo la 45p latsekeka. Galimoto yathu yaing'ono yomwe ndinkanyamulira chakudya kale inali pa 45p. Vani ndi yatsopano mu bizinesi, ndiye ndili ndi mwayi wosankhanso, kamodzi kokha.

Njira zonse ziwiri zimafuna kabuku ka maulendo. Kanga kamakhala m'kabokosi ka kutsogolo kwa mpando, kali ndi madontho a supu pachikuto, ndipo ulendo uliwonse ndimalemba tsiku, komwe ndapita, chifukwa chake ndi nambala ya pa mita ponyamuka ndi pofika. Ndafananitsa ndi nambala yomwe inalembedwa pa pepala la MOT, loyeza ngati galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, ndipo zikugwirizana. Vani yayenda mamailo 8,750, a bizinesi ndi 7,000, ndiye 80 peresenti. Kusiyanitsa kwake kumafuna chilungamo. Kupita kukapemphera Lamlungu ndi ulendo wanga, ngakhale kumeneko ndikumane ndi munthu wofuna kundipatsa oda. Kukapereka chakudya chomwe mpingo womwewo walipira ndi ulendo wa bizinesi. Tsiku lomwe tinasamutsa katundu wa mwana wathu kupita naye ku yunivesite ndalilemba ku mbali ya pakhomo. Munthu wolemba 100 peresenti pa vani yomwe imagona pakhomo pake, anthu akumuona nayo ku tchalitchi ndi ku msika, akudziitanira mafunso omwe sadzatha kuwayankha.

Masamu ake ndi awa. Pa njira ya mtunda, 7,000 kuchulukitsa ndi 45p ndi £3,150. Pa njira ya ndalama zenizeni, dizilo £1,450, inshuwalansi £1,250, msonkho wa pamsewu £335, MOT ndi sevisi ndi tayala limodzi £365, zonse £3,400, ndipo 80 peresenti yake ndi £2,720. Poyang'ana koyamba 45p ikuoneka yopambana ndi £430. Koma £430 imeneyo ndiyo yokhayo yomwe ikuimira mtengo wa vani pa chaka, pomwe njira inayo ikulola 80 peresenti ya £9,500, yomwe ndi £7,600. Kuti 45p ifike pamenepo pangadutse zaka zoposa 17, vaniyo itapita kale ku zitsulo. Amene amapindula ndi 45p ndi munthu wa galimoto yotchipa, yosamwa mafuta, yoyenda mtunda wautali. Mnzanga wosamalira okalamba m'makomo, yemwe galimoto yake anagula £2,000 ndipo amazungulira nayo tsiku lonse, asachoke pa 45p. Ine zanga n'zosiyana.

Ndalama zoimikira galimoto ndi zolipira pa msewu wa M6 Toll zimalembedwa padera pa njira zonse ziwiri, bola ulendowo ukhale wa bizinesi. Chindapusa choimika polakwika kapena chothamanga kwambiri sichiloledwa. Za Birmingham sizinandivute: m'kati mwa mzindawu, kuyambira mu Juni 2021, vani ya dizilo yosafika pa muyezo wa utsi wa Euro 6 imalipira £8 pa tsiku, ndipo n'chifukwa chake ndinalimbikira kugula ya 2018 ngakhale inali yokwererapo mtengo.

Ndasankha ndalama zenizeni. Chatsala ndi kuona kuti mtengo wa vani ulowe bwanji.

31 Meyi 2025

Ndakumana ndi akawuntanti anga, bambo achikulire a ku Chipata, timalankhula chathu chomwechi. Ndinapita ndi ganizo lochotsa zonse chaka chino: £21,000 kuchotsa £2,600, kuchotsa £2,720, kuchotsa £7,600, phindu n'kutsala £8,080, msonkho palibe. Iwo anayang'ana pepalalo n'kufunsa kuti, "Mayi, msonkho umayambira pa zingati?" Ndinati pa £12,570. "Nanga £4,490 mwatsikira pansi payoyi ikugulirani chiyani?"

Siikundigulira kanthu. Phindu likafika pa £12,570 msonkho watha kale, ndipo kuchotsa kwina kulikonse kuli ngati kuthira mchere mu ndiwo zomwe zakolera kale. Choipa china n'chakuti gawo losadulidwa msonkholi silisungika. Ukapanda kuligwiritsa ntchito chaka chino, lapita. Pomwe mtengo wa vani umasungika. Ungathe kuchotsa gawo lokha lomwe ukufuna, lotsalalo n'kumalichotsa pang'onopang'ono zaka zakutsogolo kudzera mu writing down allowance, 18 peresenti ya zotsala chaka chilichonse pa mulingo wa 2024/25.

Koma apa pali msampha womwe wangobwera kumene. Kuyambira chaka cha 2024/25, HMRC imaika aliyense wodzilemba yekha ntchito pa cash basis, pokhapokha atakana yekha pa fomu. Pa cash basis umangowerenga ndalama yomwe yalowa ndi yomwe yatuluka, ndipo vani ndi ziwiya zimalembedwa ngati zogula zina zonse, mtengo wonse m'chaka chomwe walipira, osasankha kuti kwinaku ndisunge. Kwa anthu ambiri njira imeneyi ndi yabwino, ndi yosavuta, ndipo sulipira msonkho pa ndalama yomwe kasitomala sanakupatse. Kwa ine chaka chino ikanandidyera £4,490 ija. Kuti ndithe kugawa mtengo wa vani ndiyenera kukhala pa kawerengedwe kakale, komwe umawerenga katundu wotsala, ngongole zomwe anthu ali nazo kwa iwe ndi zomwe iwe uli nazo kwa ena. Ndinali kale pamenepo zaka zam'mbuyomu, choncho palibe chosintha kupatula kuchonga kabokosi kamodzi pa fomu, komwe kale sikankafunika. Mtengo wake ndaumva: banja lina la ukwati wa mu Malichi silinamalize kulipira £700, koma ndalamayo yawerengedwa kale mu £38,000 ija ngati kuti ndinalandira.

Akawuntanti anawonjezera nzeru ina yomwe sindikanaiganiza. Zipangizo zogwira ntchito ya bizinesi yokhayokha zimaikidwa m'gulu limodzi, ndipo zotsala m'gulu limenelo zikakhala £1,000 kapena kucheperapo, umaloledwa kuzichotsa zonse nthawi imodzi. Vani, poti imagwiranso za pakhomo, imakhala payokha ndipo mwayi umenewu ilibe, imangoyenda ndi 18 peresenti. Ndiye kuli bwino kusunga £1,000 ku ziwiya, yomwe ndidzaitenga yonse chaka chamawa, n'kuchotsa zochulukirapo pa vani panopa. Tagwirizana chonchi: pa ziwiya ndichotsa £1,750, kusiya £850, yomwe pamodzi ndi masefuliya a mayi a £150 ikukwana £1,000 ndendende. Pa vani nditenga £4,950 ya mtengo wake, 80 peresenti yake ndi £3,960, ndipo £4,550 ikudikira kutsogolo. £21,000 kuchotsa £1,750, £2,720 ndi £3,960, yatsala £12,570.

Msonkho ndi womwewo, ziro, koma kutsogoloku ndili ndi zochotsa zomwe zikanatayika. Akawuntantiwo ndinawalipira ndalama yawo ndi mtima woyera.

Tinakambanso zina ziwiri. Phindu la £12,570 lili pamwamba pa £6,725, malire a National Insurance a 2024/25, choncho chaka chino chiwerengedwa pa penshoni ya boma popanda kulipira kanthu kapadera. China ndi chenjezo lomwe ndikufuna lifike kwa anzathu. Phindu lomwe walemba ku HMRC ndi lomwelo lomwe limatuluka pa pepala la SA302, lomwe a banki amafuna ukamapempha ngongole ya nyumba, ndipo a ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko amaliyang'ananso ukamaitana mkazi kapena mwamuna wako, pomwe kuyambira mu Epulo 2024 amafuna £29,000 pa chaka. Munthu amene ali ndi zimenezi patsogolo aganize kawiri asanatsitse phindu lake ndi vani. Ife nyumba sitikuganiza zogula zaka ziwiri zikubwerazi, ndiye sizikutipinga.

14 Juni 2025

Ntchito yanga yaima pang'ono, nyengo ya maukwati yafika. Koma ndilembe za alamu anga, ang'ono awo a bambo a kunyumba, omwe amagwira ntchito yokonza minda ya anthu ku Leicester. Anabwera ndi chithunzi cha Hilux ya mipando iwiri, kutsogolo ndi kumbuyo, ya £20,000. Anati, "Alamu, ndamva kuti vani yanu yakuchotserani msonkho. Ine ndigula iyi, ndiigwiritse ntchito chaka chimodzi, kenako ndiitumize kumudzi kudzera ku Dar es Salaam."

Ndinawauza kuti aime kaye. Choyamba, kuyambira pa 6 Epulo 2025 mapikapu a mipando iwiri ambiri akuwerengedwa ngati galimoto wamba, osati vani. Galimoto wamba siloledwa pa Annual Investment Allowance. Imachotsedwa pang'onopang'ono potengera utsi womwe imatulutsa: yosapitirira magalamu 50 pa kilomita ili pa 18 peresenti mu 2025/26, yopitirira apo ili pa 6 peresenti, ndipo mtengo wonse nthawi imodzi umaloledwa pa yamagetsi yatsopano yokha. Hilux ya dizilo ili kutali kwambiri ndi magalamu 50. Pa £20,000, chaka choyamba akanachotsa £1,200, ndiye achotseponso gawo la pakhomo. Pikapu ya mpando umodzi kapena vani yopanda mipando kumbuyo ndiyo ikuwerengedwabe ngati yonyamula katundu.

Chachiwiri ndi chotumiza kumudzicho, ndipo ichi chikundikhudza nanenso, chifukwa tonsefe maganizo amenewa timakhala nawo. Galimoto ikachoka mu bizinesi, kaya wagulitsa, kaya wapatsa m'bale wako, kaya waikweza sitima, HMRC imaiwerenga ngati yagulitsidwa. Ukagulitsa amatenga mtengo womwe walandira; ukaitenga wekha kapena kuipereka, amatenga mtengo womwe ikanagulidwa pa msika tsiku limenelo. Mtengowo ukaposa zomwe zinatsala m'mabuku, kusiyanako kumabwerera pa phindu lako n'kudulidwa msonkho. Munthu amene wachotsa mtengo wonse wa vani chaka choyamba, chaka chachiwiri n'kuitumiza ku Blantyre ikadali ya £7,000, ndiye kuti gawo la bizinesi la £7,000 imeneyo lamubwerera. Ndi ngongole yomwe boma limakupatsa pa nthawi yomwe chinthucho chikugwira ntchito, ndipo chomwe chimakhala chako mpaka kalekale ndi kutsika kwa mtengo wake kokha.

Alamu anakhala chete, kenako anati akaonanso mavani. Sindinawaletse za kumudzizo, galimoto ndi yawo. Ndangowapempha kuti tsiku lotumizalo adzalembe mtengo wake ndi kusunga umboni wa zotsatsa za magalimoto ofanana nayo.

12 Julayi 2025

Fomu ya msonkho, yotchedwa Self Assessment, yatumizidwa pa intaneti. Tsiku lomaliza ndi 31 Januwale 2026, koma ndinali ndi chifukwa chofulumirira. Msonkho wa 2023/24 unali £1,640, ndipo ukapitirira £1,000 HMRC imafuna uyambe kulipiriratu wa chaka chotsatira m'magawo awiri. Ndinalipira £820 mu Januwale, ina £820 imayembekezeka pa 31 Julayi. Poti fomu yasonyeza kuti palibe msonkho, yachiwiriyi yafufutika, ndipo yoyamba ija ndapempha kuti ibwezedwe. Mwina ndikanangopempha kuti achepetse zolipiriratuzo ndisanatumize fomu, zimaloledwa, koma ukachepetsa mopitirira amakuika chiwongola dzanja. Kutumiza fomu yeniyeni kwathetsa zongoyerekeza.

Tisanadine batani tinabwereza zinthu zitatu: kabokosi kokana cash basis kachongedwa, pa Annual Investment Allowance palembedwa £5,710, yomwe ndi £1,750 ndi £3,960, ndipo pa ndalama za galimoto pali gawo la bizinesi lokha. Fomu siifunsa zomwe zatsalira chaka chamawa. Zimenezo ndi udindo wanga kuzisunga, ndiye ndalemba papepala lapadera n'kuliika koyambirira kwa fayilo ya 2025/26: ziwiya £1,000, vani £4,550.

2 Ogasiti 2025

£820 yalowa ku banki. Ndaiika ku akaunti ya msonkho, sindiikhudza. Chaka chino maoda achuluka ndipo sindigula chachikulu, choncho msonkho wa 2025/26 udzakhalapo, ndipo ukadzapitirira £1,000 udzabwera pamodzi ndi theka lolipiriratu mu Januwale 2027. Banja la ukwati wa mu Malichi lamaliza ngongole yake.

29 Novembala 2025

Ndabwereranso ku zolembazi chifukwa cha bajeti yomwe nduna ya zachuma, Rachel Reeves, anapereka pa 26 Novembala. Writing down allowance ya 18 peresenti itsika kufika pa 14 peresenti kuyambira mu Epulo 2026. Chaka chomwe tilimochi sichikhudzidwa: pa £4,550 ndichotsa £819, gawo la bizinesi ndi £655, ngati kabuku kasonyezenso 80 peresenti, kuphatikizapo £1,000 ya ziwiya. Chaka chinacho, pa £3,731 yotsala, gawo langa likhala pafupifupi £418 m'malo mwa £537. Ndalamayo siitayika, ingochedwa, ndipo zotsala zonse zidzawerengedwa tsiku lomwe vani idzachoke. Ndinawaimbira akawuntanti kufunsa ngati tisinthe fomu ya chaka chatha, poti imaloledwa kukonzedwa mpaka pa 31 Januwale 2027. Anati ayi, kuchotsa zambiri m'chaka chomwe msonkho unali kale ziro kulibe phindu, kaya 18 kaya 14. Ndagwirizana nawo.

Chomwe chikufuna kukonzekera ndi Making Tax Digital. Kuyambira pa 6 Epulo 2026 odzilemba okha ntchito omwe ndalama zawo zolowa zimaposa £50,000 azisunga mabuku pa kompyuta ndi kutumiza malipoti miyezi itatu iliyonse, ndipo mu Epulo 2027 malire atsika kufika pa £30,000. Amayang'ana zolowa zonse, osati phindu, ndiye ine 2027 ikundipeza. Pofika Epulo akubwerayu ndikufuna ndikhale nditasankha pulogalamu yoti ndizilembamo, kuti ndiyeserere chaka chathunthu lamulo lisanandigwire. Kabuku ka mu vani katsala masamba ochepa, ndagula kena. Filiza yakale ya m'khitchini yayamba kulira usiku. Ikafa ndigula ina, koma imeneyo ndi ya pakhomo ndipo siilowa m'mabuku a bizinesi.